Lole Inagwada Kutsogolo kwa Guwa

Mwana wanga wachiwiri anabadwa ndi chibwibwi. Mawu amakhala alipo ndithu, ndinkachita kuwaona m'maso mwake kuti afika, koma akangoti atuluke amakanirira pakamwa ngati mbuzi yokana kulowa m'khola. Ngakhale kungondiitana kuti "ama", monga ana amaitanira mayi wawo m'Chitonga chathu kuno, nthawi zina kumamutengera mpaka ine nditamaliza kutsuka mbale. Ine ndinazolowera kudikira. Anthu apanjira sadikira.

Ku mpingo kwathu kuli Lamulungu la ana kamodzi pachaka. Tsiku limenelo ana a Sande sukulu amandanda kutsogolo kwa guwa, aliyense amatuluka pamzere, manja kumbuyo, n'kunena vesi lake la pamtima. Mwana akanena bwino, mayi wake amayenda ngati sakuponda pansi sabata yonse, ndipo kumsika amachita kukuuza yekha iwe usanafunse. Chaka chimene wanga anali sitandade 2 anapatsidwa vesi lake ngati anzake. Anatuluka pamzere, anatsegula kamwa, liwu loyamba linamugwira. Anayesa, anayesanso, khosi lonse kutupa. Ana ena anayamba kuseka, iye n'kuthawira khomo lam'mbali. Ndinakamupeza atabisala kuseri kwa thanki ya madzi, malaya atanyowa. Kuchokera tsiku limenelo anasiya kuyankhula kunja kwa mpanda wathu. Ndikamutuma mchere kugolosale amangoloza ndi chala.

Ndinapemphera, abale. Ndinapemphera ndikuyanika usipa, ndinapemphera ndikukwera chitunda cha kumsika ndi beseni pamutu. Ndinkamuuza Chiuta kuti sindikupempha kuti mwanayu adzakhale mbusa kapena wapawailesi, ndikungopempha vesi limodzi lituluke lathunthu. Koma njira imene yankho linadzera, aaa, ndikakumbuka ndimaseka ndekha mpaka ogula kundifunsa ngati ndili bwino.

Ife timakhala njira ya kugombe la Chikale, ndipo ine ndimagulitsa usipa wouma mumsika wa pa boma. Tsiku lina ndinaweruka msanga, dzuwa likadali pamutu. Ndikutula beseni pakhonde ndinamva mawu a mwamuna kuseri kwa nyumba. Mawu aakulu, ochokera pansi pa mimba, Chichewa chake cha m'tauni chosasakaniza n'komwe.

"Abale anga achitsulo, wina asabwerere m'mbuyo! Inu akumanzere, tsekani njira!"

Mtima unangoti phaa. Kuseriko ndinali nditayanika chinangwa, ndiye ndinati basi, akuba abwera ndi wowalamulira yemwe. Ndinatola chikuni, n'kuyenda monyang'ama m'mbali mwa khoma. Nditasuzumira ndinapeza mtondo wanga wavundikiridwa, pamwamba pake paima mwana wanga, chifuwa panja, chibakera m'mwamba. Asilikali ake anali abakha athu.

"Iwe wamawangawe, ndakuuza kuti kumanzere! Ukufuna mdani atipeze tikudya gaga?"

Osakakamira ngakhale pamodzi. Mawu amangotsika ngati madzi a pampopi. Chikuni chinagwa chokha. Iye anacheuka, anandiona, mapewa aja n'kugwa.

"A-a-a-ama."

Ndinakhala pansi pomwepo padothi. Kaya ndimalira kaya ndimaseka, abakha okha ndi amene angakuuzeni.

Amene anandimasulira zonse ndi mlongo wake wamkulu. Anati kuseri kwa msika, mu shedi ya mapepala akuda muja amaonetsa mafilimu, masana kumakhala katuni ya zimphona zachitsulo, ana amati maloboti. Zimphonazo zikafuna zimadzipinda n'kusanduka galimoto, zikafuna zimadzitambasula n'kuima ngati anthu. Ndipo pali mnyamata wina anaiikira mawu a Chichewa pamwamba, monga amachitira ndi mafilimu a karate. Mawu amene ndinamva kuseri kwa nyumba anali a mtsogoleri wa zimphona zabwino, amene amasanduka lole.

Ine sindilola mwana wanga kumeza chinthu chimene sindinalawe. Mawa lake ndinasiyira mnzanga wa benchi yoyandikana malonda anga, n'kupita. Mnyamata wapakhomo anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi.

"Amayi, mwasochera. Kwaya amaphunzira kumtunda uko."

"Ndabwera kudzaona a Lole. Sendera."

Mkati munali kutentha, fungo la ana othamanga tsiku lonse, ine ndekha wamkulu pakati pa timitu. Ndinalowa ndi nkhope ya munthu wodzafufuza mlandu. Koma inu! Lole ikuthamanga mumsewu bwinobwino, mwadzidzidzi matayala apita uku, chitseko chapita uko, miyendo yatuluka, mutu watulukira pomwe ine sindimayembekezera, chimunthu chaima! Ndinakuwa kuti "Mayo ine!" ana onse n'kugwa nako kuseka. A Lole aja ndinawakonda pompo. Sayankhula mothamanga, satukwana, ndipo mnzawo akagwa amabwerera kukamutola ngakhale moto ukuwagwera. Panali kena kakang'ono kopupuluma, kosanduka kagalimoto, kosamva kuuzidwa, ndendende mwana wa mchimwene wanga. Mdani wawo amasanduka ndege, wodzikonda, mawu ake ngati chitseko chosowa mafuta. Pena pake ndegeyo inazembera a Lole kumbuyo, ine ndinapezeka ndaimirira, ndikukuwa.

"Kumbuyo kwanuko, bambo inu! Cheukani!"

"Khalani pansi amayi, mukutitchinga!"

Ndinabwerera kubenchi mochedwa, mnzanga uja atakwiya, ine ndikungomwetulira usipa.

Lamulungu la ana la chaka chotsatira litayandikira, kunyumba kunabwera aphunzitsi a Sande sukulu. Ndi mayi wachikulire, anapuma ntchito ya ukalaliki ku maofesi a boma, amavala magalasi a chingwe ndipo sakweza mawu, koma ana akangomva nsapato zawo amaongoka okha. Anakhala pampando, ndinawagwadira moni, kenako anayamba mosamala.

"Mayi, za chaka chatha zija zinandipweteka inenso. Ndaganiza kuti chaka chino mnyamata wathu asavutike ndi vesi. Adzanyamule maluwa a paguwa. Ndi ntchito yaulemu, ndipo sifuna pakamwa."

Ndinati yewo, ndathokoza, chifukwa ndinadziwa kuti akunena mwachifundo. Atangotuluka pageti, chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Anali atamva zonse. Anaima patsogolo panga, nkhope yofiira, zibakera zili gwa.

"N-n-n-ndikufuna v-v-vesi."

"Maluwa nawonso ndi abwino, mwanawe."

"V-v-vesi, ama."

Ndinavala patapata n'kuwathamangira aphunzitsi aja, ndinakawapeza pokwerera njinga. Anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi, kenako anavomera. Anamusankhira lalifupi, lonena zoti munthu asachite mantha.

Tsopano vuto linatsala kwa ine. Ndinadziwa kuti vesilo likhoza kutuluka, koma lituluka ndi mawu a a Lole. Kodi mawu a Mulungu n'kuwanena ndi liwu la chidole cha mu shedi ya mafilimu, si chipongwe chimenecho? Ndinafunsa bambo ake. Iwo amayendetsa minibasi ya ku Mzuzu, ndipo akafika kunyumba amakhala atatopa nako kuyankhula ndi anthu okana kusendera. Anamvetsera akuvula nsapato.

"Amayi ake, Chiuta amamva Chitonga, amamva Chitumbuka, amamva ndi chizungu chomwe cha azungu a ku Chikale chija ife sitimva. Ndiye alephere kumva lole?"

"Musaseke inu, ndi nkhani ya kutchalitchi."

"Sindikuseka. Muitaneni, ndione loleyo ngati ili ndi mabuleki."

Apa mpamene tinaphunzira chinthu china chimene sindimadziwa. Mawu aja sabwera wamba. Mwanayo amayenera kuyamba wakhala lole. Amagwada pansi, zigongono pansi, mutu kuupinda mpaka chipumi kukhudza dothi. Amalira ngati injini pang'ono. Kenako kumamveka "kwetche, kwetche, kwetche, gu!" phewa ili latuluka, linzake latuluka, bondo laongoka, mutu umadzuka pomaliza. Akaima chonchi, ndiye muuzeni anene chilichonse, chituluka. Vesi lija analinena lonse m'Chitonga, pakati pa bwalo lathu, mawu ngati a mkulu wa mpingo wa ndevu zoyera. Ine ndinagwira pakamwa. Bambo ake anapukusa mutu.

"Vesi lili bwino. Koma giya walowetsa molakwika. Lole yolemera sinyamuka choncho, ungathyole kilatchi. Tamvera." Bambo wamkulu ndi mimba yake anagwada pansi pambali pa mwana wake, kumuphunzitsa kaliridwe ka injini pa chitunda.

Masiku otsatira nyumba yathu inapenga. Mwanayo anati sangayeserere bwino popanda mdani, ndiye ine anandipatsa udindo wa ndege. Ndinkatambasula chitenje ngati mapiko n'kumazungulira thandala la usipa ndikulira "wiiii", iye n'kundigwetsa ndi vesi. Tsiku lina ndili pakati pouluka ndinaona mayi wa nyumba yoyandikana nafe ataima pampanda, ndowa m'manja, kukamwa yasa.

"Anzanga, kwagwanji?"

"Tikuphunzira vesi."

Anachoka akucheukacheuka.

Koma pansi pa kuseka konseko ine mantha anali nane. Kunyumba agwade, alire ngati injini, palibe kanthu. Nanga kutsogolo kwa guwa, abusa atakhala pompo, akulu a mpingo ali m'majekete awo? Ndinayesa kuchepetsa. Ndinati sanduka mumtima mokha, thupi lingoima. Anatseka maso, anayesetsa, potsegula kamwa chibwibwi chili pomwepo. Ndinati chabwino, gwedeza mapewa okha. Sizinatheke. Lole yake imafuna pansi.

Ndiye tinapangana nzeru ina. Loweruka, tsiku loyeserera komaliza kutchalitchi, ndinamutengera kuseri kwa nyumba yopemphereramo, anasandukira komweko, n'kulowa ali kale chimphona. Analowa bwino, akuponda mwamphamvu, ine ndikuti basi tapambana. Koma mzere unali wautali, ndipo iye anali chakumapeto. Ndinkamuona ali pamzerepo akuphwa pang'onopang'ono ngati tayala lobooka. Mapewa kutsika, chibwano kutsika. Pofika nthawi yake anali atabwerera kukhala mwana wanga wa masiku onse. Liwu loyamba linamugwira monga chaka chatha. Sanathawe, koma misozi inali m'maso.

Aphunzitsi anamusisita pamutu. "Mawa zikakuvuta, ungowerama n'kubwerera pamzere. Palibe adzakuseke, ndawauza kale."

M'njira anandiuza kuti batire inatha.

Lamulungu m'mawa ndinali kusita malaya ake oyera ndi simbi yamakala, iye ataima pambali ndi kabudula yekha.

"A-a-ama, n-ndisanduke m'tchalitchi?"

Ndinatembenuza malaya. Ndikati inde, mwina ndikuchimwitsa mwana ndiponso tidzakhala nkhani ya tauni yonse. Ndikati ayi, ndamutsekera pakamwa ndi dzanja langa.

"Nyumba imeneyo si yanga, mwanawe. Ukafunse Mwini wake. Chimene akakuuze, ine ndili kumbuyo kwako."

Anagwedeza mutu ngati ndanena zomveka.

Tchalitchi chinadzaza mpaka ena kuima m'mawindo. Ine ndinakhala mbali ya amayi, bambo ake mbali ya abambo, pomwe ndimatha kuwaona. Ana anandanda. Mavesi anayamba kutuluka, ena mothamanga ngati akuthawa galu, ena mokuwa, kamtsikana kena kananena la mnzake n'kuyamba kukangana pomwepo. Anthu akuseka, akuombera m'manja. Ine sindinamve ngakhale limodzi. Ndinali nditapotokola mpango wanga wa m'manja mpaka unakhala chingwe.

Nthawi yake inakwana. Anatuluka pamzere, anaima pakati, manja kumbuyo. Anatsegula kamwa. Palibe chinatuluka. Anatseka. M'tchalitchi munangoti zii, mwana wakhanda yekha akuyamwa penapake. Ndinamuona akuyang'ana khomo lam'mbali lija. Kenako anayang'ana kudenga kanthawi ndithu.

Ndiye anagwada.

Mawondo pansi, zigongono pansi, chipumi pa simenti, kutsogolo kwenikweni kwa guwa. Ine ndinati Ambuye ndinyamuleni pano ndisanaone zotsatira. Koma kumpando wa akulu a mpingo, mkulu wina wokalamba kwambiri, amene anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni kalekale ndipo aliyense amamuopa, ananena mokweza kuti, "Amen. Mwana akuyamba ndi pemphero." N'kuweramitsa mutu wake.

Abale inu. Mkulu ameneyo akawerama, ndani angakhale chilili? Akulu anzake anawerama. Abusa anatseka maso. Kwaya inawerama, amayi onse a mbali yanga anawerama, mpaka oima m'mawindo anavula zipewa. Tchalitchi chonse chinalowa m'pemphero pamodzi ndi lole.

Mmene ndinkaonera, amene tinatsala maso ali tong'o ndi ine, bambo ake, ndi ana. Ana onse a pamzere uja ankadziwa bwino lomwe chimene chikuchitika, chifukwa onsewo ndi a mu shedi muja. Palibe anaseka. Maso awo anangokula, ena kugwirana manja. Ndipo injini itayamba kulira chapansipansi, mayi wa pambali panga, maso ali chitsekere, anandinong'oneza kuti, "Mwana wanu akubuula mumzimu." Ndinaluma mpango uja. Nditayang'ana mbali ya abambo ndinaona bambo ake atabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka, koma dzanja limodzi lili pabondo likusintha giya.

Kenako ndinamva kunong'ona kuchokera pamzere wa ana, onse pamodzi, motsitsa kwambiri, akumuthandiza: "Kwetche. Kwetche. Kwetche."

Phewa linatuluka. Linzake linatuluka. Bondo linaongoka. Mutu unadzuka pomaliza.

Ndipo vesi linatuluka. Lonse, kuyambira dzina la buku, mutu, ndime, mpaka liwu lomaliza, mawu akulu odekha ofika mpaka kubenchi ya kumbuyo. Anthu anatsegula maso modzidzimuka, kufunafuna bambo amene walowa pakati pa ana. Anapeza kamnyamata ka sitandade 3, malaya atada pazigongono, chibakera chimodzi chili m'mwamba. Chibakeracho sitinapangane, koma ndinachikhululukira.

Sindikumbuka kuti ndinaimirira liti. Ndinangopezeka ndili pakati pa kanjira ndikululuta, mpango wakumutu uli m'manja, ine amene sindinayambe ndalulutapo m'tchalitchi chibadwire. Amayi anzanga anandilandira nthungululuyo, m'manja mukuombedwa ngati mvula pa malata. Mkulu wokalamba uja amapukuta m'maso.

Zinthu sizinathere pomwepo. Pambuyo pa wanga panatsala tiana tating'ono ta kalasi ya ana oyamba. Koyamba kanatuluka, kanayang'ana wanga, n'kudzigwetsa pansi chipumi pa simenti. Mpingo unaweramanso. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu kanatambasula manja kufuna kukhala ndege, apo aphunzitsi anatsokomola kamodzi kokha, kanabweza mapiko msangamsanga n'kunena vesi lake kataima. Mapemphero a tsiku limenelo anatha mochedwa, ndipo makosi a akulu a mpingo anagwira ntchito.

Panja, mkulu uja anagwira dzanja la bambo ake ndi manja awiri. "Mwana mwalera, ada. Ana a masiku ano sadziwa kugwada." Bambo ake anangoti yewo, yewo, maso ali pansi, akubisa kuseka. Ine ndinali kumbali ndikulimbana ndi mtima wanga, kuti kodi ndiwauze zoona akuluakuluwa kapena ndisiye. Ndisanaganize bwino, aphunzitsi a Sande sukulu anandikoka pa chitenje n'kunditengera pansi pa mtengo wa mango. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Mayi, ndili ndi adzukulu anayi m'nyumba mwanga. Imene ija ndi lole."

Ndinagwada pomwepo. "Pepani amayi, ine ndimati..."

"Dzukani, mudetsa chitenje. Ine maso sindinatseke. Ndinaona mwana atayang'ana kumwamba asanagwade, ndiye amene anamufunsa kumeneko ndi amene anamuyankha, ine ndilowererapo chiyani? Abusa ndikawafotokozera ndekha, amakonda kuseka. Koma chaka chamawa ndege sindikufuna."

Tinaseka awiriwiri pansi pa mtengo paja mpaka ine kugwira nthiti, mayi wa magalasi a chingwe uja akupukuta misozi ndi kona ya bulauzi.

Pobwerera kunyumba tinatsika wapansi kudutsa pa depoti. Makondakitala anzawo a bambo ake anali pomwepo akuitanira anthu a ku Mzuzu, mmodzi n'kufunsa kuti bwanji banja lonse mano ali panja. Ndinati ndiyankhe, koma mwana wanga anandigwira dzanja kuti ndikhale chete. Anapita yekha patsogolo pa kondakitalayo, ndi mawu ake enieni aang'ono aja.

"N-n-n-ndanena v-vesi. L-l-lonse."

Kondakitala anali ndi changu, minibasi ikulira, koma anayang'ana nkhope ya bambo ake n'kudikira mpaka mwanayo atamaliza, kenako anamupatsa chibakera cha moni. Basi pakamwa pake panatseguka. Anauza mayi wogulitsa nthochi. Anauza wokonza njinga. Anauza mlonda wa pa loji ina amene sitimudziwa n'komwe, ndipo mlondayo anafunsa kuti vesi lake liti, ndiye tinaima padzuwa kudikira lole igwade mumchenga wa m'mbali mwa msewu. Njira ya ku Chikale si yaitali, koma tsiku limenelo tinafika kunyumba ndiwo za m'mawa zitasasa, ndipo ine ndinathokoza Chiuta ndi pa ndiwo zosasazo pomwe.